Ana Athu Sanaonere

Loweruka masana Molly Makwinja anafika kunyumba kwake ku Chileka kuchokera ku Lirangwe, kumene anagona masiku awiri kwa mayi ake, m'chikwama muli pepala limene amayenera kukawerengera makolo kutchalitchi mawa lake, lonena za kuipa kwa mafilimu a nkhondo pa ana. Anapeza mwamuna wake Justus, wosecha zikwama pabwalo la ndege, munthu woti ukamuuza kuti adikire pakhomo amadikiradi pakhomo ngakhale kugwe matalala, akuyanika khushoni ya sofa padzuwa.

"Takulandirani, mayi a Sankhani. Amayi mwawasiya bwanji?"

"Ali bwino, apereka moni. Khushoni yanga yatani?"

"Yanyowa."

"Ndikuona kuti yanyowa. Yanyowa ndi chiyani?"

"Tifikapo. Zili mu lipoti."

"Lipoti lanji?"

"La filimu ija. Simunandisiyire ntchito pochoka?"

Molly anakumbukira. Mwana wawo wamkulu Sankhani, wa zaka zisanu ndi zitatu, anatha sabata yonse akulirira filimu ya msilikali wa diso limodzi wosaka golide m'nkhalango, mpaka bambo ake anakaitenga pa fulashi kwa Potiphar wogulitsa mafilimu kumsika.

"Eya," anatero akuvula mpango. "Ndinati muionere kaye inuyo, muone ngati ndi yoyenera ana. Ndiye yankho ndi ayi. Tathana."

"Ayi sindinganene."

"Ndiye mukuti eya?"

"Eyanso sindinganene. Kafukufuku sanathe."

"Masiku awiri, bambo a Sankhani! Filimu yake ndi yaitali ngati msewu wa ku Mwanza?"

"Ndinaionera Lachinayi, ndekha, monga munanenera. Katatu."

"Katatu!"

"Koyamba ndinaiwala kuti ndili pa ntchito, ndinkangochemerera. Kachiwiri ndinkamvetsera mawu. Kachitatu ndinkayang'ana magazi."

"Anthu amafa m'menemo?"

"Amafa. Koma ambiri ndi oipa."

"Ambiri?"

Justus anaweramitsa mutu. "Mmodzi anali dalaivala chabe. Zinandikhudza."

"Basi! Ayi. Nenani kuti ayi, ndikamwe madzi."

"Koma ine sindinachite mantha."

"Inu ndinu mwana?"

"Apo!" Justus anaomba m'manja. "Mwafika pomwe ndinafika ine. Munthu wa zaka fote-folo angadziwe bwanji za mumtima mwa mwana? Kuntchito, chikwama chikatikayikitsa sitilosera, timatsegula. Kuti udziwe ngati filimu ikuopsa ana, pafunika ana."

Molly anakhala pansi pakhonde, pang'onopang'ono.

"Mwaonetsa ana anga."

"Ine? Munati chiyani mukukwera kabaza? Munati ana athu asaonere mpaka mubwere. Ana athu sanaonere ngakhale kamphindi kamodzi."

"Ambuye alemekezeke."

"Ndinabwereka ena."

"Mwati bwanji?"

"Ndinabwereka ena. Dzulo, ataweruka kusukulu."

Molly anadzuka, anayang'ana kumpanda uku ndi uku, n'kumukoka mwamuna wake malaya. "Tiyeni m'nyumba. Anthu angamve."

Pabalaza panali pakununkha thukuta la ana ndi makoko a nzimbe. Madoilo ake oyera, amene anthu amawaona pa Khirisimasi pokha, anali atapindidwa bwinobwino, koma mtundu wake unali wa dothi.

"Angati?" anafunsa.

"Ndinayamba ndi awiri, Mark ndi Yasin a pafupi apa. Koma ana awiri si kafukufuku, mayi. Mark saopa chilichonse, Yasin amaopa ngakhale nkhuku. Ndiye ndinawatuma akaitane anzawo a misinkhu yosiyanasiyana."

"Ndafunsa kuti angati."

"Twente-sikisi. Panalinso wina amene anabwera ali kumbuyo kwa mchemwali wake, koma ameneyo sindinamuwerengere, ankayamwa chala."

"Iii, mayo ine! Ana a ndani?"

"Musadandaule, sindinatole mumsewu. Ambiri ndi a kalasi yanu ya Sande sukulu."

"A kalasi yanga!"

"Ndinafuna ana amene khalidwe lawo tikulidziwa, kuti likasintha tione msanga."

"Musandiuze kuti Japhet wa abusa analipo."

"Anakhala kutsogolo. Mwana waulemu ameneyo. Ndi amene anatsegula ndi pemphero."

Molly anagwira mutu ndi manja onse. Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala akuphunzitsa ana amenewo, ndipo palibe mayi wa mumpingo amene sanamvepo kuchokera pakamwa pake kuti filimu ya mfuti ndi sukulu ya umbava. Tsopano sukuluyo inali itatsegulidwa pa sofa yake.

"Chabwino," anatero atapuma. "Ana amaiwala. Bola makolo asadziwe."

"Aaa, mayi a Sankhani, mumanditenga ngati munthu wopanda dongosolo? Ungatenge mwana wa mwini osapempha? Ndinayenda khomo ndi khomo."

"Munanena chiyani?"

"Zoona zokhazokha."

"Ndikufuna mawu ake enieni."

Justus anaima njo ngati pa pelete. "Ndinati: odi, Mayi Makwinja andisiyira ntchito yokhudza filimu ya ana, ndiye ndikupempha mundibwereke wanu."

"Munatchula dzina langa?"

"Nanga ndikanatchula la ndani? Ntchitoyo munapereka ndinu. Sindiba ulemu wa munthu ine."

"Ndiye anavomera?"

"Mwamsangamsanga! Anthu amakukhulupirirani, mayi. Ndinanyadira kwambiri. Amayi busa anati, ngati filimuyo yadutsa m'manja mwa Mayi Makwinja, tengani onse atatu. Anawasambitsa ndithu."

"Mukudziwa kuti mawa ndikulankhula chiyani kutchalitchi?"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinafulumira, kuti mukaime muli ndi umboni."

"Sindikufuna umboni! Ndikufuna ayi!"

"Koma filimuyo munaionera?"

"Sindifunika kuionera. Ndimaidziwa."

"Mumaidziwa bwanji osaionera?"

"Onse ndi amodzi. Kuwombera, kuphulitsa, kulumpha m'galimoto likuyenda."

"Shuwa simunaionere? Chifukwa mwanena ndendende."

"Bambo a Sankhani!"

"Tamverani kaye zotsatira." Anatulutsa pepala la kalendala yakale m'thumba, nalitambasula patebulo. "Ndinawakhazika motsatira msinkhu, aafupi kutsogolo, ine pambali kuyang'ana nkhope. Pa mfuti, palibe analira. Pa kuphulika kwa mlatho, anaomba m'manja. Yasin anagona tulo pakati pa nkhondo yeniyeni. Aang'ono ankaseka aliyense akagwa, chifukwa womasulira filimuyo m'Chichewa ankati, 'Wapita ameneyo, kawauzeni akwawo aphike nyemba.'"

"Mwaona? Akuseka maliro!"

"Zimenezo ndalemba kumbali ya zoipa. Koma pali pomwe msilikali uja anagawira mdani wake madzi akumwa. Japhet anati ameni."

"Nanga khushoni yanga?"

"Imeneyo ndi njoka."

"Njoka inalowa m'nyumba?"

"Ya mufilimu. Itatuluka m'mphika wa golide, Diana wa amayi osoka aja sanathe kudzigwira. Ndiye ndalemba kuti: mfuti ayi, njoka eya."

"Mwana wa eni wakodzera sofa yanga ndi mantha, inu mukuti kafukufuku sanathe?"

"Mmodzi pa twente-sikisi. Komanso ndinamufunsa, anati anali atamwa thobwa lambiri. Pamenepo pakufunika kubwereza."

Molly anakhala pampando wopanda khushoni uja, thabwa n'kumulandira mopanda ulemu. Analankhula motsitsa mawu, ngati akuphunzitsa kalasi ya aang'ono.

"Justus. Ndimvereni. Pamene ndinati muionere kaye, sindinkafuna kudziwa chilichonse. Yankho ndinali nalo kale. Ndinkafuna kuti ayi ameneyo achoke pakamwa panu. M'nyumba muno woletsa ndimakhala ine ndekha. Switi, ine. Mpira wa pamsewu, ine. Sankhani anandiuza m'maso muli gwa kuti adadi ndi abwino, amami ndi apolisi. Zinandiwawa. Ndinati kamodzi kokha, wapolisi akhale inuyo."

Justus anakanda m'mutu. Nkhope yake inagwa, chifukwa mkazi wake amamukonda ndithu.

"Pepani, mayi. Bwenzi mutanena choncho."

"Zinazi munthu amangozindikira."

"Mukanati, 'Justus, kanani,' ndikanakana pomwepo. Ndikanayamba kukana musanafike n'komwe pa siteji."

"Ndiye kanani pano."

"Pano ndiye zavuta. Ndayamba kale kafukufuku."

"Ambuye, ndigwireni dzanja!" Anayang'ana uku ndi uku. "Nanga ana anga anali kuti nthawi yonseyi?"

"Kuseri kwa nyumba. Ndinawapatsa mtedza kuti aziswa."

"Anzawo twente-sikisi ali m'nyumba mwawo, iwo ali kuseri ndi mtedza?"

"Lamulo linali lanu. Sankhani analira, koma ndinamuuza kuti amami ako ndi amene anena."

"Mwanditchulanso!"

"Koma sanatayike kwenikweni. Anzawo atatuluka anawachitira sewero lonse pabwalopa, kuyambira poyamba. Anawapatsanso mbali zawo."

"Mbali zanji?"

"Angel wathu anali mwana wobedwa. Anamumangirira ku mtengo wa papaya ndi chitenje chanu cha Mvano."

"Mwana wa zaka zinayi! Ndi chitenje cha Mvano!"

"Mfundo yake inali yosalimba, ndinaiyesa ndekha. Ndipo iye ndi amene ankakana kumasulidwa. Sankhani anali dalaivala uja."

"Wakufa uja?"

"Anafa bwino kwambiri, mayi. Osaonera n'komwe! Mwana ali ndi luso ameneyo."

"Ndiye mukundiuza kuti ana anga filimu sanaonere, koma aisewera?"

"Kuonera sanaonere. Pamenepo ndingalumbire."

Molly anatulutsa pepala lake la mawa m'chikwama, analiyang'ana, n'kuyamba kudzipepesera nalo mphepo. Ankaona kale amayi busa atakhala kutsogolo, manja ali pachifuwa, iye akuwerenga ndime yoyamba yoti kholo labwino limadziwa chimene mwana akuonera.

"Mwina sanafotokoze kunyumba," anatero ndi mawu ofooka. "Mwina anangoti taonera filimu, basi."

"N'kutheka. Pobalalika anali okhumudwa, sankalankhula zambiri."

"Okhumudwa ndi chiyani?"

"Magetsi anathima filimu isanathe. Kutatsala pang'ono kuti msilikali akumane ndi mkulu wa zigawenga pamwamba pa mathithi. Ndipo pamenepo, mayi, ndi pomwe pali magazi enieni. N'chifukwa chake ndikuti sindingapereke lipoti la theka."

"Zikomo magetsi! Ndiye nkhani yathera pomwepo. Fulashiyo ndipatseni, ikalowa m'chimbudzi lero lomwe."

"Nanga ana aja ndikawauza chiyani?"

"Mukawauza liti?"

"Ndinawalonjeza kuti abwere lero tidzamalize. Folo koloko."

Molly anatembenuka pang'onopang'ono. "Pano nthawi ili bwanji?"

Justus anayang'ana wotchi yake mosamala. "Kwatsala mphindi ziwiri. Koma yangayi imachedwa."

"Fulashi."

"Mayi, lonjezo kwa mwana..."

"Fulashi, Justus!"

"Ili m'thumba, koma ndi katundu wa kafukufuku."

Apa ndiye mphunzitsi wa Sande sukulu anavula nsapato ya kumanja. Justus, amene amadziwa kuzindikira chida choopsa akachiona, anathawira kuseri kwa tebulo. Molly anadzera kumanzere, iye kumanja. Molly anabwerera, iye anabwereranso. Kalendala inauluka, mpando unagwa, Justus analumpha sofa mwa njira imene thupi la zaka fote-folo silivomereza, n'kutenga chivundikiro cha poto kukhala chishango.

"Muima kapena simuima?"

"Mukatsitsa nsapato ndiima!"

"Twente-sikisi! Pa madoilo anga!"

Nsapato inauluka, inagunda chivundikiro, phokoso lake ngati belu la sukulu. Panja panamveka chimkokomo cha m'manja ndi mluzu.

Onse awiri anatembenuka. Zenera lonse linali nkhope zokhazokha, aafupi kutsogolo, aatali kumbuyo, monga anaphunzitsidwira. Pakati penipeni panali Japhet wa abusa, atasamba bwino, mphuno ili pagalasi, akuyang'ana aphunzitsi ake amene anali ataima ndi phazi limodzi, nsapato yachiwiri ili kale m'mwamba.

"Aphunzitsi, ya kumanzereyo musaphonye!" anafuula.

Dzanja la Molly linauma momwemo. Justus anatsitsa chivundikiro, anakonza kolala, n'kuyenda mwaulemu kupita kuzenera.

"Gwirani kaye pomwepo, mayi a Sankhani, nditseke katani," anatero. "Iyi yokha sindifunika kuonera katatu. Ayi, si yoyenera ana."