Chitambala Chakuda cha Mayi Norah Chulu

Mayi amene tasonkhana kudzawaperekeza lero, Mayi Norah Nyendwa Chulu, anabadwa pa 14 Epulo 1949 m'mudzi wa kufupi ndi Msoro, kum'mawa. Anali oyamba mwa ana asanu a Bambo Jameson Nyendwa ndi Mayi Philomena. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Obed, mlongo wawo wotsiriza, ndipo ndinakulira kumsana kwawo. Ndikupemphani kuleza mtima. Pamaliro timakonda kunena zokoma zokhazokha, koma muli nkhani ina m'mbiri muno imene malemu anandilamula kuti ndisaidumphe. Ambiri mwa inu mwawadziwa zaka zonsezi ali ndi chitambala chakuda kumutu, ndipo m'bokosi umu agona nacho. Lero mumva chifukwa chake.

Mu 1955 banja linasamukira ku Matero, mu Lusaka, bambo athu atapeza ntchito yomanga nyumba. Malemu anaphunzira pulayimale komweko, ndipo mu 1964 anasankhidwa kupita kusukulu ya atsikana ya mpingo wathu wa Angilikani, imene tonse timangoitchula kuti ku Mishoni.

Pasukulupo panali mitundu iwiri ya atsikana, ogonera ndi oyendera. Ogonera ankadzutsidwa ndi belu, kusesa, kumwa phala, n'kulowa m'tchalitchi ali mbee. Oyendera ankachokera m'makomboni wapansi, ndipo lamulo linali lakuti asanalowe m'tchalitchi ayambe atsuka miyendo ndi kupukuta nsapato pampopi wa pageti. Mpopi unali umodzi, atsikana ambirimbiri, choncho ankalowa nyimbo yoyamba itatha n'kukhala pamabenchi akumbuyo. Anzawo ankawatcha "a fumbi". Malemu anali mmodzi wa a fumbiwo, ndipo dzinalo linawapweteka mpaka ukulu wawo. Sindinama kuti anali ophunzira ofatsa. Chinyanja chinali choletsedwa pasukulu, chilango chake kunali kulima, ndipo theka la munda wa sukulu analima ndi achemwali angawa. Koma masamu ankawamwa ngati madzi. Anamaliza Fomu 5 mu 1968, nakachita maphunziro a uphunzitsi, ndipo mu 1971 anabwerera ku Mishoni komweko kukaphunzitsa masamu.

Pa 4 Ogasiti 1973 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Whyson Chulu, amene ankagwira ntchito pafakitale ina. Bambo Chulu anali munthu wa nthabwala. Ankati kunyumba kwawo ndiye kokha mu Lusaka kumene mwamuna amafunsidwa kuti asonyeze njira imene wapezera yankho. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu: Judith, Moven ndi Ketty.

Zaka zimene zinatsatira, akuluakulu mukuzikumbukira. Tinaima pamizere ya sopo, ya shuga, ya ufa. Mu 1986 fakitale inachepetsa antchito, Bambo Chulu anayamba kukhoma mbaula, ndipo banja linasamukira kukomboni kuno kwa George. Kusukulu nakonso zinthu zinathina. Buku limodzi ankawerenga atsikana anayi, nyemba za ogonera zinali zofumbwa, aphunzitsi ambiri anapita kukafuna ntchito kumayiko oyandikana nafe. Malemu anatsala. Choko chikatha ankatulutsa kalasi panja n'kumalemba masamu padothi ndi kamtengo. Anali aukali, ndipo atsikana awo amene muli pano musandiyang'ane ngati ndikuwanamizira. Koma chinthu chimodzi anachita chimene palibe anawatuma: m'mawa uliwonse ankaima pampopi wa pageti pamodzi ndi oyendera, iwonso n'kutsuka miyendo yawo, ndipo ankalowa nawo m'tchalitchi mochedwa n'kukhala nawo kumbuyo.

Mu Novembala 1990, mvula itangoyamba, kolera inalowa m'makomboni. Makolo a ogonera anachita mantha, ndipo akuluakulu a sukulu analamula kuti geti litsekedwe: amene ali mkati akhale mkati, oyendera onse akhale kwawo. Koma mayeso a Giredi 12 anali pafupi, ndipo m'kalasi imeneyo munali oyendera khumi ndi anayi, ana a kwa George, ku Kanyama ndi ku Matero. Kuphonya mayesowo kunali kutha kwa sukulu yawo, pakuti m'zaka zimenezo panalibe kholo la m'komboni limene likanatha kubwezera mwana m'kalasi chaka china.

Malemu anachonderera mpaka akuluakuluwo anavomera, koma anaika malamulo. Atsikanawo azigona m'chipinda chosokera, kutali ndi ogonera. Azidya paokha. Pakhale mphunzitsi mmodzi wogona nawo, ndipo mphunzitsiyo akangotuluka pageti sadzalowanso, atsikanawo adzatuluka naye. Aphunzitsi ena onse anayang'ana pansi. Malemu anakambirana ndi amuna awo, ndipo Bambo Chulu anawanyamulira okha mphasa ndi bulangete mpaka pageti, akuseka kuti mkazi wawo wakhala wogonera atakalamba.

Lachisanu lomaliza mayeso asanayambe, Bambo Chulu anadwala m'mamawa. Mlongo wawo, Mayi Mainess, anawakankha pawilibala kupita nawo kumatenti a odwala kolera. Dzuwa lisanalowe anali atatisiya. A zaumoyo anawaika m'manda m'mawa mwake, monga ankachitira masiku amenewo, popanda kuona nkhope. Mayi Mainess atachoka kumanda anayenda wapansi mpaka ku Mishoni, ndipo ine ndinawaperekeza. Tinalankhula ndi malemu geti lili pakati pathu.

Mayi Mainess anati, "Mulamu, ba Whyson bamwalila, tabashika. Tiyeni kunyumba, bantu bankala pa malilo, palibe mukazi wa malilo."

Malemu anagwa pansi atagwira zitsulo za geti. Analira kulira kumene sindinakumvepo, mpaka atsikana aja anatuluka n'kuima chapatali. Atatha kulira anawayang'ana atsikanawo nthawi yaitali, kenako anayankha kuti, "Nikachoka pano, aba bana bazabapitikisa. Nilindileni, nizabwela kulila."

"Nkalani na bana banu," anatero Mayi Mainess. "Ise tizalila teka."

Ndinene mosabisa kuti tsiku limenelo inenso ndinakwiya nawo achemwali anga, ndipo ndinabwerera osawatsanzika. A kwa Chulu anali ndi chifukwa chokwiyira. Anakhala pamaliro a mwana wawo pamphasa ya mkazi wamasiye palibe munthu, anthu akunong'onezana. Mayi Mainess ndi amene anasunga ana atatu aja milungu yonseyo, kuwadyetsa ndi kuwatonthoza. Zimenezi banja la Nyendwa silinaiwale.

Mayeso atatha mu Disembala, malemu anatuluka pageti n'kulunjika kwa apongozi awo, osayamba afika kunyumba kwawo. Anagwada pabwalo, napepesa. Mayi Mainess anawamanga chitambala chakuda monga mwa mwambo wathu, kuti chaka chikatha achibale a mwamuna adzawavule ndi kuwasudzula. Chaka chinatha, sikunabwere munthu. Tinatuma akuluakulu, inenso ndinapitako kangapo, ndipo yankho linali lakuti amene sanakhale pamaliro alibe maliro oti awachotsere.

Abambo ansembe anawauza malemu kuti pamaso pa Mulungu ndi omasuka. Ana awo anawagulira zitambala zamaluwa, zimene zili m'sutikesi mpaka lero. Iwo ankangoti amene anamanga ndiye adzamasule. Chikang'ambika ankagula china chakuda. Anaphunzitsa nacho zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo atsikana atsopano, posadziwa kanthu, ankaganiza kuti ndi sisitere.

Mwina mukufuna kudziwa za atsikana khumi ndi anayi aja. Sindikuuzani kuti onse anakhoza, chifukwa malemu akanadzuka kudzandikonza. Anakhoza asanu ndi anayi. Ena ndi aphunzitsi, wina ali ndi sitolo ku Kamwala, awiri anatsogola kale. Nditawafunsa achemwali anga ngati zinali zoyenera, anandiuza kuti sadziwa. Anati masiku ena amaona kuti anachita bwino, masiku ena amaona kuti analakwira mwamuna amene anawanyamulira mphasa, ndipo kuti masamu amenewo okha ndi amene anawakanika.

Mu 1996 anapuma pantchito chifukwa cha matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anapitiriza kuphunzitsa ana a oyandikana nawo pakhonde kufikira maso atayamba kuchita mdima. Pa 2 Ogasiti chaka chino cha 1999 anagonekedwa m'chipatala, kumene anasamalidwa ndi namwino Ennie Ngosa, mmodzi wa atsikana a m'chipinda chosokera chija. Anamwalira Lachiwiri pa 17 Ogasiti, ali ndi zaka makumi asanu. Asanatisiye anandigwira dzanja n'kundiuza kuti powasambitsa pasapezeke munthu wa kwa Nyendwa kapena wa kumpingo wowasintha chitambala, ndiponso kuti nkhaniyi ndiinene a kwa Chulu akumva.

Malemu asiya ana atatu, Judith, Moven ndi Ketty, zidzukulu zinayi, ang'ono awo atatu ndi ine mlongo wawo. Tikuthokoza abambo ansembe ndi amayi a mpingo amene akhala nafe kuyambira tsiku loyamba, madokotala ndi anamwino, aphunzitsi ndi atsikana a ku Mishoni amene atiimbira, ogonera ndi oyendera atakhala benchi limodzi. Tikuthokoza anansi athu a kwa George amene atunga madzi ndi kubweretsa makala, ndi anyamata amene akumba manda.

Pomaliza ndikuthokoza a kwa Chulu. Sitinawatumire uthenga, chifukwa tinachita manyazi, koma Lachitatu masana tinangoona Mayi Mainess akulowa pakhomo ndi ndodo yawo, n'kukakhala pansi m'nyumba pamodzi ndi amayi olira. Akhala pamenepo mpaka lero, ndipo ife sitinawafunse kanthu.

Amayi Mainess, achemwali anga sanandiuze kuti ndikukakamizeni kumasula chitambalachi, ndipo sindikukakamizani. Anangoti ndikuuzeni kuti anabwera kudzalira monga analonjezera pageti paja, ndipo alira zaka zisanu ndi zinayi. Bokosi sitinatseke. Pa nthawi yoona nkhope tonse tikhala pansi, ngakhale ana awo, kufikira inu mutayamba. Judith ali pambali panupo kuti akugwireni dzanja ngati mungafune kuimirira.

Ambuye amene anawatumikira awalandire Mayi Norah Nyendwa Chulu, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.