Mfundo za pa Mkuzi wa Zuze

Anthu onse anathawitsira ana kuphiri. Ine ndinatsala. Zuze wanga sakanatha kuyenda, ndipo ukamunyamula ankalira.

Mtendere, abale ndi alongo. Ine kuyankhula sinditha. Ndingonena mmene zinalili.

Tinachokera ku Mozambique, kudzera ku Namwera, opanda mapepala. Ndinkagwira ganyu m'minda ya fodya. Chaka chimenecho ganyu anasowa. Tinkadya mango osapsa, owiritsa. M'mawa mango. Madzulo mango.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera mayi wa kafukufuku, wofunsa za ana a anthu obwera. Anthu anati akuwerenga oti abwezedwe kwawo. Kwathu kwake kuti? Nyumba yathu anaitentha.

Mayiyo anandipeza pakhonde, mwana ali pamiyendo. Anakhala pansi, padothi.

"Bambo, mwanayu anadya chiyani dzulo?"

"Mango."

"Dzana?"

"Mango."

Anakweza kamalaya ka Zuze. Anaona mkuzi, kachingwe kaja timamanga ana m'chiuno kuti tizionerapo mmene akukulira. Wa Zuze unali mfundo zokhazokha.

"Mfundozi akumanga ndani?"

"Ine."

"Chifukwa?"

"Ukumavuka. Ndimaufupikitsa kuti amake asaone."

Amake anali pakhomo. Anamva. Anangogwira chitseko.

Mayi uja anati, "Ine si dokotala, chimanganso ndilibe. Ntchito yanga ndi kufunsa, n'kukauza akuluakulu. Koma mwanayu sadikira akuluakulu. Galimoto ilipo."

"Kuchipatala akafunsa kwathu."

"Mukawauze. Ine ndikaima pambali panu."

"Akakatibweza?"

"Sindikunamizani, zonse sindizidziwa. Chomwe ndikudziwa, mukakhala pano mumuika m'manda."

Abale, pemphero langa linali lalifupi. Ambuye, onani. Ndinakwera.

Namwino anafunsadi mudzi. Ndinatchula mudzi wathu wa ku Mozambique. Iye anati, "Kutalitu. Muikeni pasikelo."

Basi. Palibe anatibweza. Zuze anamwa mkaka wa kuchipatala, kenako chiponde. Anadzuka.

Lero ali pasukulu kuno ku Malindi. Ine ndimakoka nawo makoka. Sitinalemere. Tikudya. Mulungu ndikumuthokoza, abale. Ndikumuthokoza.

Mayi uja ntchito sanasiye. Imvi zamera, akufunsabe, chifukwa ana anjala sanathe. Mwezi watha anandipempha kuti ndimuperekeze kwa anthu obwera kumene. Panyumba ina bambo anatitsekera pakhomo ndi thupi lake.

"Kuno kulibe ana."

M'nyumbamo wina anatsokomola. Kachifuwa kakang'ono.

Bamboyo anandikokera pambali. "Achimwene, inu ndinu akwathu. Mayiyu satipereka?"

Ndinalowa. Ndinanyamula mwanayo pamphasa, wopepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Ndinauyamba wa kumsewu kumene kunali galimoto, bambo wake akubwera pambuyo.