Pepala la mng'ono wanga

Moni aulutsi, moni omvera nonse. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala ku Milepa, ndipo ndinkalera mng'ono wanga wa Fomu 2.

Tsiku lina mng'ono wangayo anabwera ndi pepala limene aphunzitsi anawagawira m'kalasi. Linkafotokoza za kusintha kwa nyengo, komanso mmene munthu angazindikirire uthenga wabodza wa pa foni. Sabata yomweyo kunagwa mvula yoyamba, ndipo pa gulu lathu la Watsapu panafika mawu a bambo wina akuti dzinja layamba, bzalani msanga.

"Achemwali, dikirani," anatero mng'ono wanga. "Pepalali likuti tizifunsa kaye kuti walankhulayo ndani, walankhula liti. Mwina ichi n'chizimalupsa chabe."

Ndinamuseka. "Iwe, pepala linagwirapo khasu?"

Tinabzala mbewu yonse. Kenako kunachita ng'amba masabata atatu, dzuwa likuswa mtengo, chimanga n'kupserera chili ndi masamba awiri. Pambuyo pake tinamva kuti mawu aja anali a chaka chatha, ochokera ku boma lina.

Mbewu yobwerezera panalibe. Chakudya chitatha, mng'ono wanga anasiya sukulu, n'kupita ku Limbe kukagwira ntchito ya m'nyumba. Sanandidzudzule, anangonyamula chikwama chake.

Pepala lija ndinalipeza m'kope lake. Ndimaliwerenga pang'onopang'ono, poti ine ndinalekezera Sitandade 6, koma zonse ndazimva tsopano. Anzanga, mwana akabwera ndi zimene waphunzira, mumvetsereni. Kuno mitambo yayambanso kusonkhana, koma wondiuza kuti "achemwali, dikirani" palibe.