Mwala wa mu Impso Yanga

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ine ndine mayi woswa miyala ya kwale kuno ku Chinsapo, ndipo ntchito yangayi sindichita nayo manyazi, yandiphunzitsira ana. Lero mumve za mwala umodzi umene unatsala pang'ono kuphetsa munthu wosalakwa.

Zinayamba ndi ululu m'mbali mwa msana, m'munsi mwa nthiti. Ine ndinabereka, ululu ndimaudziwa, koma uwu ayi ndithu! Ndinkagubuduka pansi, pokodza ndikulira, mkodzo wosakanikirana ndi magazi. Kuchipatala atandiunika anati ndili ndi mwala mu impso.

Mawu akuti mwalawo ndi amene anayatsa moto. Achimwene anga aakulu atamva anadumpha. "Munthu woswa miyala, mwala m'thupi? Walowa bwanji? Wina wakuponyera!" Dzina anali nalo kale: amake Shaibu, mayi wachisilamu amene mulu wake wa miyala uli pafupi ndi wanga, yemwe timalimbirana naye makasitomala. Achimwene anayamba kumema anthu kuti akawatulutse m'nyumba. Inu mukudziwa zimene zimachitika munthu akangotchulidwa kuti mfiti.

Ndinathedwa nzeru. Thupi likuwawa, abale akundikakamiza kuti ndingovomera. Ndinalira kwa Mulungu kuti, "Ambuye, ndionetseni kumene mwala uwu wachokera, ndisaphe munthu ndi pakamwa panga."

Nditabwerera kuchipatala ndinawafunsa anamwino mosapita m'mbali ngati mwala wa pakwale ungalowe mu impso. Sanandiseke. Anati impso zilipo ziwiri, ntchito yake ndi kusefa magazi, ndipo zoipa zosefedwazo zimatsika ndi madzi m'timapaipi tiwiri kupita m'chikhodzodzo, kumene mkodzo umadikira kuti utuluke. Madzi akachepa m'thupi, timchere ta mumkodzo timaundana mpaka kukhala kamwala.

"Mayi, madzi mumamwa?" anandifunsa.

Ndinangogwira pakamwa. Pakwale pathu panalibe chimbudzi, ndiye azimayife tinkapewa kumwa madzi kuopa kukanjuta madalaivala a malole akuona. Tsiku lonse padzuwa, thukuta lili kamukamu, kukhosi kuli gwa. Yankho la pemphero langa linali limenelo.

Nditafika kunyumba ndinaima pakhomo, dzanja lili m'chiuno chifukwa cha ululu. Ndinati, "Achimwene, mwala uwu wapangika m'thupi mwanga momwemu. Amene akufuna kukhudza amake Shaibu ayambe wagwetsa ine." Anandinena kuti ndine wamwano. Chabwino, wamwano, koma palibe amene anaponda pakhomo pa mayi aja. Tsiku limenelo ndimanyadira nalo mpaka lero.

Adokotala anali atanena kuti kamwalako ndi kakang'ono, kakhoza kutuluka kokha ndikamamwa mankhwala ndi madzi ambiri. Nanga amene ankabwera ndi chigubu cha madzi pamutu tsiku ndi tsiku ndi ndani? Amake Shaibu omwewo, nkhani yonse ataimva. Ankandisunthira kapu n'kumati, "Imwani anzanga. Mukafa ndizikangana ndi ndani pakwale?"

M'mawa wina ndikukodzera m'chitini monga anandiuzira anamwino, ndinangomva kuti ngwe! Kamwala ngati njere ya mpunga. Ndinakatsuka, ndinakaika m'manja mwa achimwene n'kunena kuti, "Ndi kameneka. Tiitane lole?" Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anavala nsapato n'kupita kukapepesa kwa amake Shaibu.

Pano pakwale tinamanga chimbudzi cha udzu, ndipo aliyense amakhala ndi botolo la madzi pambali pa hamala yake. Ndikuthokoza Mulungu amene anandichiritsa komanso anatseka pakamwa panga kuti ndisanamizire mnzanga. Inu amene mukudwala, musafooke. Pempherani, pitani kuchipatala, funsani mpaka mumvetse, ndipo imwani madzi. Dzulo lomweli amake Shaibu andilanda kasitomala, ndipo tinakangana bwinobwino. Ambuye alemekezeke.