Nsalu ya pa Bokosi la Amayi Zelipa Miti

Dzulo amalume a Fulansisi anafunsa kuti pabokosi tiyalapo nsalu ya bungwe liti, poti zabwera zisanu ndi imodzi. Ine ndine Dolika, mdzukulu wa malemu, ndipo banja landituma kuwerenga mbiriyi.

Agogo athu a Zelipa Miti anabadwa pa 14 Malichi 1961 ku Kasenengwa. Sukulu analekezera giredi 7. Mu 1980 anakwatiwa ndi a Alfonsi Miti, amene anatisiya mu 1998.

Ntchito yolembedwa sanaigwirepo. Mu 1994 analowa gulu la kuparishi losamalira odwala m'makomo, nthawi imene ena ankaopa ngakhale kapu ya wodwala. Pa njala ya 2002 anali m'komiti ya boma yogawa chimanga. Kenako kunabwera bungwe lakunja limene linawapatsa njinga, lina la ana amasiye, komiti ya zaumoyo ya pakiliniki, ndi gulu loperekeza amayi oyembekezera kuchipatala. Galimoto ikaima pamudzi kufunsa munthu wodzipereka, onse ankaloza nyumba ya agogo. M'sutikesi mwawo tapezamo masikipa makumi awiri ndi atatu, iliyonse ndi uthenga wake kumsana.

Mu Juni 2024 anagwa ndi sitiroko. Anagona miyezi khumi ndi umodzi. Mapulojekiti ena anali atatha, ena atasamukira kwina, tikumvetsa. Amene ankabwera m'mawa uliwonse ndi amayi Tryness ndi amayi Ketilina, a gulu lotunga madzi pamaliro m'mudzi muno, lopanda dzina, lopanda ofesi. Ankawasambitsa, n'kuwatembenuza ndi chitenje chakale kuti asachite zilonda. Sanachite ngakhale chimodzi.

Anamwalira pa 9 Meyi 2025 kuchipatala ku Chipata. Asiya ana anayi ndi adzukulu khumi ndi mmodzi.

Tikuthokoza Abambo Mfumu, a mphakati, anamwino, adzukulu okumba manda, ndi mabungwe nonse amene mwaipeza njira ya kuno lero. Agogo, mwayenda mokwanira. Ambuye akupumitseni mumtendere.

Za nsalu zija, banja lagwirizana. Pabokosi payalidwa chitenje chakale chija. Zisanu ndi imodzizo tazipinda bwino, zili patebulo pansi pa mtengo wa mango. Eni ake mutenge pobwerera.