Nsapato Zoti Akule Nazo

Pa siteji ya basi, mayi wina anayang'ana nsapato zothamangira zimene bambo woyandikana naye ananyamula m'manja.

"Zanu zimenezo, bambo?"

"Za mwana wanga wamkazi. Wangoyamba kumene kuthamanga. Ndinamugulira zazikulu kuti akule nazo, kutsogoloku timatsendera nyuzipepala."

"Mayo ine! Pogula simunapite naye?"

"Ndinangoyerekeza ndi maso. Dzulo pampikisano wa kusukulu, iye ali patsogolo, imodzi inavuka. Anafika pomalizira, anzake akumuseka."

"Mupite naye kusitolo ya zamasewera. Kumeneko amayeza mapazi onse awiri, n'kumuuza athamange pang'ono musanalipire."

"Ndamupempha m'mawa uno kuti tipite, mayi. Akuti zothamanga wasiya."

"Nanga izi mukupita nazo kuti?"

"Kaya. Ndangozichotsa m'nyumba kuti asamazione."