Nkhanu Zabwerera Mumtsinje

Pa siteji ya basi ku Lirangwe, m'masiku a Chitaganya, mayi Gertrude anaona laimu pa nsapato za bambo wina wachilendo, ndipo analephera kudzigwira.

"Bambo, mumagwira kumgodi wa laimu?"

"Eya, mayi."

"Amuna anga avomera ubatizo, zaka khumi ndikuwapempherera. Koma abusa akukana kuwamiza mumtsinje, m'madzi anu aja, otuwa ngati phala, owawa m'maso."

"Aboma anadzayeza madziwo m'mabotolo. Anatikumbitsa dziwe loti laimu azitsalira pansi madzi asanapite kumtsinje. Dzulo ndaona nkhanu mumtsinjemo."

"Nkhanu zabwerera? Ambuye alemekezeke! Komatu amuna angawo tikawachedwetsanso asintha maganizo. Musatsegule dziwelo mpaka Lamulungu lidutse."

"Wotsegula ngalande ya dziwelo ndine, mayi. Kawauzeni abusa asankhe nyimbo."